Tsamba Lokulungira Mandasi

Chimwalirireni mkazi wawo, bambo Adamu, telala wa pakhonde la sitolo ku Kawale, anali asanagwetsepo msozi. Anthu kumzikiti ankawatama kuti ndi olimba mtima, iwo n'kumangogwedeza mutu.

M'mawa wina anagula mandasi awiri kumsika kwa mayi Tusekele, omwe ankakulungira malonda awo m'masamba a buku lakale la kusekondale. Atadya, maso awo anagwera papepala lamafutalo. Inali ndakatulo ya munthu amene ankatsukabe makapu awiri m'mawa uliwonse, chonsecho mnzake womwa naye tiyi anali atagona kale kumanda. Makina osokera anaima. Anawerenga kawiri, koma ndakatuloyo inathera panjira, pomwe tsamba linathera.

Anabwerera kumsika tepi yoyezera ili m'khosi.

"Amayi, tsamba lotsatira lili kuti?"

"Lapita ndi kondakitala wa minibasi," anatero mayi Tusekele. Anawayang'ana kanthawi, kenako anatsitsa mawu. "Koma ndinaliwerenga. Chitisiyireni bambo a kunyumba, tsamba lililonse ndimayamba ndawerenga ndisanakulungire."

"Ndiye munthu uja anasiya kutsuka kapu inayo?"

"Sanasiye, abambo. Tsiku lina anangothiramo tiyi, n'kupatsa mlendo wodutsa."

Bambo Adamu anakhala pabenchi pomwepo. Misozi imene inakana kutuluka pamaliro inatuluka pakati pa msika, anthu akuona. Mayi Tusekele sanawaletse. Anangotsegula fulasiki yawo, n'kuwathirira tiyi m'kapu yachiwiri imene ankayenda nayo tsiku lililonse.