Sola Yoyang'ana Kumsewu

Ine ndine Dickson Mbewe wa kwa Mkanda, ndipo ndivomereretu kuti ndili ndi nthenda yofuna kuonedwa. Malemu mkazi wanga Elsie ankanena kuti ndikagula nsapato zatsopano ndimadzera njira yaitali popita kutchalitchi. Sankanama ayi.

Chaka chatha mtedza unandikomera. Nditagulitsa, mwezi wa Juni, ndinakwera galimoto mpaka ku boda ya Mchinji, kumene dalaivala wina wa thiraki yochokera ku Chipata anandigulitsa panelo ya sola, batire, mababu atatu ndi mawaya. M'katonimo munalinso kabokosi kakang'ono kakuda. Nditamufunsa ntchito yake anangoti anthu ena amaikako, ena saikako. Ine kufika kunyumba ndinaona kuti kakukwana bwino pawindo lakuchipinda, loti likamawomba mphepo limadzitseka lokha. Ndinakatchingira pamenepo.

Mwana wanga Imelda sindinamuuze kuti ndagula sola, ndipo nkhani yagona pamenepa. Imelda ndiye woyamba kubadwa. Anaphunzira zamagetsi ku Lilongwe, ndipo ntchito yake ndi yoika masola m'masukulu ndi m'zipatala za m'boma lathu lino. Pomwe ankasankha ntchitoyo ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinkafuna akhale namwino, wa yunifolomu yoyera, woti ndizimuloza pagulu. Mwana wamkazi kukwera padenga anthu ali pansi akuyang'ana? Kwathu kuno akazi amamweta udzu n'kusenza, okwera pamwamba ndi amuna. Amake anandigonjetsa pakamwa, koma mumtima sindinagonje. Anthu akandifunsa kuti mwana uja akugwira ntchito yanji ku Boma, ndinkangoti za muofesi. Bodza limenelo ndinalinena zaka zinayi.

Choncho ndinaitana mlamu wanga Timoteyo. Iyeyu amakonza njinga pamsika, ndiye amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi waya amachidziwa. Nyumba yanga ndi yamalata, imayang'ana kummwera, kumsewu wopita kumsika wa Mkanda. Timoteyo atafunsa kuti panelo tiike mbali iti, ndinamudabwa kuti funso lotere lachokera kuti. Munthu ungagule sola n'kukaibisa? Tinaikhoma kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa khomo, mawaya n'kuwatsitsira molunjika ku batire.

Sabata yoyamba ndinadya bwino. Ndinkakhala pakhonde n'kumaona anthu a panjinga akumanga mabuleki, makosi atapindikira kudenga langa. Aneba anayamba kubweretsa mafoni kuti ndiwatchajire, ine n'kumawalandira ngati sing'anga wamkulu. Sindinkadziwa kuti moto umene tinkadyawo unali wobwera nawo batire kuchokera kusitolo.

Sabata yachiwiri mababu anayamba kufiira nkhuku zitangolowa kumene. Wailesi inkaduka pakati pa nkhani. Mayi wina anasiya foni yake m'mawa, pobwera madzulo anaipeza ili chimodzimodzi, ndipo anandithokoza mwaulemu woposa muyeso. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chitonzo.

Timoteyo anabwera, anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, kenaka analoza mtengo wa mango umene uli kutsogolo, womwe nthambi zake zimafika pamwamba pa denga. Anati vuto ndi umenewo, ukutchinga dzuwa, ndipo mankhwala ake ndi nkhwangwa basi.

Mtengo umenewo anaubzala Elsie chaka chimene Imelda anabadwa. Ankauthirira ndi madzi otsukira mbale, n'kuutchingira ndi minga kuti mbuzi zisaudye. Pansi pake ndi pomwe ankasendera mtedza, pomwe ankaluka tsitsi la ana, ndipo atadwala matenda ake omaliza ankapempha kuti timuyalire mphasa pomwepo. Papita zaka ziwiri chimwalirireni. Ndikanena kuti sindinkaukonda mtengowo ndiye kuti ndanama kachiwiri. Koma manyazi a sola yosayaka anandikulira, ndipo ndinavomera kuti Loweruka tidule. Ndinanola nkhwangwa ndekha. Masiku atatu otsalawo, podutsa pansi pa mtengowo ndinkayang'ana pansi ngati munthu wodutsa pakhomo pa apongozi.

Loweruka m'mawa amuna anasonkhana, ena kudzathandiza kukoka chingwe, ena kudzangoonerera ndi kutola nkhuni. Tisanayambe tinamva njinga yamoto ikukhota kuchokera kumsewu. Anali Imelda, bokosi la zida atamangirira kumbuyo. Ndinamva pambuyo pake kuti amene anamuimbira foni ndi mlongo wanga Consolata, yemwe pakamwa pake sipagona nkhani.

Mwanayo analeredwa bwino. Anamanga chitenje, anagwada, anandipatsa moni, anapatsanso moni akuluakulu onse mmodzimmodzi. Atamaliza m'pamene anayang'ana nkhwangwa imene inatsamira pamtengo. Sanakweze mawu.

"Bambo, mtengo wa amayiwu walakwa chiyani?"

Ndinafotokoza za mababu ofiira, Timoteyo akuthirira ndemanga. Imelda anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapempha kuti timupatse ola limodzi nkhwangwa isanagwire ntchito. Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali mu ovolosi yabuluu, nsapato zikuluzikulu kumapazi. Anaimika makwerero pakhoma. Ndinaona a Grey, mkulu wa mpingo wathu, akukanda pachibwano.

"Bambo, ndigwirireni makwererowa," anatero Imelda.

Ndikanatha kuuza Timoteyo kuti agwire ndi iye. Koma makwererowo anali athu akale, ogwedera, ndipo wokwerayo anali mwana wanga. Ndinagwira ndi manja onse awiri.

Atafika pamwamba anapukuta panelo ndi chala n'kutionetsa. Chalacho chinali bii ndi fumbi lamsewu, ndipo pagalasipo panali zitosi za mbalame ndi maluwa ouma a mango. Anayamba kufotokoza ali pomwepo, mawu ake akumveka pabwalo lonse. Anati panelo sidya kutentha monga tinkaganizira ife, imadya kuwala. Timabokosi timene timaoneka m'galasimo ndi timene timasandutsa kuwalako kukhala magetsi, ndipo tinalumikizana mumzere ngati ng'ombe za pagoli: kamodzi kakakhala mumthunzi, tonse timabwerera m'mbuyo. Magetsiwo amatsika ndi waya kukasungidwa mu batire, ndipo madzulo mababu amatunga mmenemo. Batire ikapanda kudzaza masana, palibe chotunga.

Timoteyo anadumphira kuti n'zimene ankanena iye, mthunzi ndiwo vuto. Imelda anamuyankha mwaulemu kuti amalume anena zoona, koma theka lokha. Ngakhale mtengo utagwa, panelo ikanakhalabe ndi njala, chifukwa inafulatira dzuwa. Kenaka anandiyang'ana ine pansi pa makwerero.

"Bambo, miyezi yozizira ngati ino, amayi ankayanika mtedza mbali iti ya nyumba?"

"Kuseri," ndinayankha.

"Chifukwa chiyani?"

Yankho linandilasa ndisanalitchule. Elsie ankadziwa kuti nthawi yachisanu dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo kuseri kwa nyumba yathu ndi kumene kumawala tsiku lonse. Ndinamuona akuyala mtedza kumeneko zaka makumi atatu, koma tsiku lokhoma sola ndinangoganiza za anthu a pamsewu.

Imelda anatsika n'kukaona batire. Atapeza mawaya olunjika aja anafunsa ngati m'katoni munalibe kabokosi kena. Ndinapita mwakachetechete kukakachotsa pawindo, windo n'kudzitseka kumbuyo kwanga. Mwanayo anaseka mpaka anagwira khoma. Anati dzina lake ndi kontirola, ndipo ndi mlonda wa batire: kamaletsa kuti isadzaze mopitirira dzuwa likachuluka, ndiponso kuti isakokedwe mpaka kuuma. Popanda iko batire imafa msanga. Yathuyi inali itatopa koma tinaipeza ikupumabe. Safunsa anadya phula, ndipo phula langa ndinalidya pamaso pa mudzi.

Tsopano panatsala poti ndilamule ndine. Imelda anati akhoza kusamutsa panelo kuiika padenga lakuseri, itapendekeka pang'ono kuyang'ana kumpoto, ndipo mtengo sukhudzidwa ngakhale tsamba. Koma kumsewu sidzaonekanso. Timoteyo anandinong'oneza kuti sola yosaoneka ili ngati suti yovala kumunda. Kunena zoona, mawu amenewo anandikanda poyabwa. Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana msewu, kenaka ndinayang'ana pansi pa mtengo, pamalo osalala pomwe tinkayala mphasa ija. Ndinanyamula nkhwangwa n'kukaiika m'khitchini.

"Kaike kuseri, mwanawe."

Gulu lonse linasamukira kuseri, ine ndi makwerero anga patsogolo. Imelda anakweranso, amuna awiri akumupatsira panelo. Ankayeza, kuboola, kumanga mabawuti, osafulumira, osayang'ana pansi. Ndili chigwirire makwerero, a Grey anandiyandikira. Iwo aja salankhula motsitsa, anazolowera kulengeza kutchalitchi.

"A Mbewe, paja munkati mwanayu amagwira za muofesi?"

Padenga sipanala inasiya kulira. Imelda sanacheuke, koma ndinadziwa kuti wamva, ndipo ndinadziwanso pomwepo kuti bodza langa lija analimva kalekale n'kungolisunga.

"Ndinkanama, a Grey," ndinatero mokweza kuti mawu afike pamwamba. "Mwana wanga amaika masola. Magetsi a kuchipatala kumene anabadwira mdzukulu wanu uja, amene anakwera padenga kukawaika ndi yemweyu. Ndi mwana wanga woyamba ameneyu."

A Grey anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye akaonenso denga la tchalitchi. Sipanala inayambanso kulira. Patapita kanthawi ndinaona Imelda akupukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi, ndipo atatsika anati fumbi lapadenga ndi loipa. Ine sindinatsutse, chifukwa fumbi lomwelo linali litandilowa inenso pansi pomwe ndinaima.

Dzuwa lisanapendeke kagetsi kobiriwira kanayaka pa kabokosi kaja. Imelda anandionetsa kuti kakatero ndiye kuti batire ikudya. Anandisiyira lamulo loti Loweruka lililonse m'mawa ndizipukuta galasi ndi nsalu yonyowa yomangirira kunsungwi, ndiponso kuti ndisalole Timoteyo kulumikizako chilichonse. Timoteyo anamva, ndipo anati iye anadziwa kale kuti kabokosi kaja n'kofunika.

Kuyambira tsiku limenelo mababu sanafiirenso. Mabatire a tochi ndinasiya kugula, koloboyi amene utsi wake unkatsokomoletsa Elsie ndinamupachika kukhitchini, wailesi imamaliza nkhani zake, ndipo mayi wa foni uja anabweranso, ulendo uno n'kundithokoza mwachizolowezi. Mu Disembala mtengo unabereka mpaka nthambi kugwada. Ndinatumiza dengu la mango ku Boma kwa Imelda.

Nthenda yanga ija sinathe, musaganize kuti ndinachira. Mukabwera kwathu mudzaona kanjira kopondeka kozungulira nyumba, koyambira pakhonde kukathera kuseri. Ndinakapanga ndine ndi mapazi a alendo, chifukwa aliyense wofika pakhomo, ngakhale wongofunsa njira ya kwa Dambe, ndimamutengera kumeneko asanamwe madzi. Ndimamulozera padenga n'kumuuza dzina la amene anakwerapo, ndi kuti makwerero ndinagwira ndine. Koma mukamadutsa pamsewu ndi njinga musavutike kupinda khosi. Kutsogolo kulibe choona, kuli mtengo wa Elsie basi.