Makina a Amayi pa Intaneti

Kwawo ankamutchula Tsabola chifukwa cha pakamwa pake, koma kuntchito, musitolo yogulitsa mankhwala, ankadziwika kuti ndi mayi wofatsa. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi kufatsako kunatha ataimbiridwa foni ndi achimwene ake, oyamba kubadwa pa ana atatu.

"Chemwali, zinthu zavuta," anatero achimwenewo. "Makina aja akwera mtengo. Onjezeraniko kangachepe, apo ayi mawa tikafika kwa amayi chimanjamanja."

Nkhani yake inali iyi. Makina osokera a amayi awo anasiya kuyenda chapakati pa chaka. Achimwenewo anawatenga kuti akakonzetse, koma anabwera ndi uthenga woti amisiri akanika, makinawo afa. Ndiye atatuwo anagwirizana zosonkha kuti agule atsopano ngati mphatso ya Khirisimasi. Tsabola anapereka mbali yake kalekale. Mng'ono wake, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, anadzimana mpaka kumayenda wapansi popita kuntchito.

"Miyezi yonseyi munali kuti?" Tsabola anafunsa. "Mukudikira kuti masitolo atsale pang'ono kutseka?"

"Musandilankhule ngati mwana wanu. Tumizani ndalamazo," anatero, n'kudula foni.

Nthawi yopuma masana itakwana, Tsabola sanadye. Analowa m'chipinda chosungira katundu, n'kukhala pa katoni ya thonje, n'kuyamba kufufuza mitengo pa foni. Sizinamutengere nthawi. Masitolo angapo anali atatsitsa mitengo chifukwa cha kutha kwa chaka, ndipo makina amene anagwirizana aja anali otchipa kuposa ndalama zomwe anasonkha kale. Kukwera kwake kunali m'kamwa mwa achimwene basi.

Anatsegulanso tsamba limene anthu amagulitsirapo katundu wakale, poganiza kuti mwina angagule yekha osadikira munthu. Anadutsa mafiriji, njinga, mipando. Kenaka chala chinaima.

Anali makina osokera akuda a maluwa agolide. Pa thabwa lake panali chipsera cha simbi, chomwe iye mwini anawotcha ali mtsikana n'kukwapulidwa nacho. Kumbuyo kwa makinawo kunkaoneka katani yobiriwira ya pabalaza pa achimwene. Pansi pa chithunzicho analemba kuti: "Makina olimba, vuto ndi lamba yekha. Mwiniwake anamwalira."

Anawerenga mobwereza. Amayi ake anali atamuimbira m'mawa womwewo, kumukumbutsa kuti abwere ndi mapilitsi a miyendo.

Anapempha abwana ake kuti achoke msanga, ndipo abwanawo atamuyang'ana kumaso sanafunse chifukwa. Misewu inali yodzaza ndi anthu onyamula majumbo, galimoto zikungokwawa. Anatsika minibasi pakati pa njira n'kumaliza wapansi.

Anapeza achimwene atakhala pa sofa, atavala vesiti, akuonera mpira. Mlamu wake anali pansi akukulunga mphatso za ana.

"Ndabwera kumaliro," anatero Tsabola asanakhale n'komwe. "Bwanji simunandiuze kuti amayi anamwalira?"

Mlamuyo anagwetsa sizasi. Tsabola anamupatsa foni kuti adziwerengere yekha.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani?" anafunsa mlamuyo. "Suja munati makinawa akudikira mmisiri?"

Achimwene anatsitsa mawu a wailesi ya kanema. "Ndi kalembedwe ka malonda chabe. Ukati mwiniwake anamwalira, anthu sakayikira kuti ndi zakuba."

"Ndiye si zakuba?"

"Chemwali, samalani pakamwa. Muli m'nyumba mwanga."

"Pakamwa panga sipanaphe munthu. Inu mwapha mayi wokubalani kuti mupeze ya mafuta a galimoto. Ndalama tinasonkha zija zili kuti?"

Achimwene anayamba kuzungulira: galimoto inawonongeka, wina anawalonjeza zinazake, mwezi wamawa zonse zikhala bwino, ndiponso iwo ndi aakulu, sangaweruzidwe ndi ana.

"Ukulu si ndevu, achimwene. Mng'ono wanga uja phazi linachita kutupa n'kuyenda, inu muli pa sofa pano."

Sanadikire yankho. Analowa kuchipinda cha alendo, n'kupeza makinawo kuseri kwa chitseko atafunditsidwa thaulo. Anali olemera, koma mlamu wake anagwira mbali inayo mosapemphedwa, misozi ili m'masaya. Achimwene sanadzuke.

Ali panja, anafufuzanso pa foni n'kupeza mmisiri wina amene anali asanatseke, m'kanjira ka kuseri kwa msika. Mmisiriyo anasintha lamba, kuthira mafuta, kupukuta fumbi, n'kusoka kansalu koyesera. Mzere unatuluka wowongoka bwinobwino. Mtengo wake sunafike ngakhale pa ndalama imene achimwene ankafuna kuti aonjezere. Yotsala pa ndalama imene akanaonjezera ija Tsabola anagulira nsalu, ulusi ndi masingano.

M'mawa wa Khirisimasi iye ndi mng'ono wake anaika makinawo patebulo la amayi awo. Amayiwo anasisita thabwalo.

"Ndimadziwa kuti sangafe amenewa," anatero. "Achimwene anu achita bwino kusataya mtima. Ali kuti kodi?"

Achimwenewo sanabwere. Anatumiza akazi awo ndi ana, ati mutu ukuwawa. Tsabola anatsegula pakamwa, koma mng'ono wake anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Osati lero, achemwali," ananong'ona. "Chonde."

Tsabola anameza mawuwo. Anatuluka pakhonde, n'kutumizira achimwene chithunzi cha malonda chija, chomwe anali atasunga achimwenewo asanachifufute. Analemba kuti ndalama zimene iye anasonkha atha kudya, koma za mng'ono wake zibwere mwezi usanathe, apo ayi amayi adzawerenga okha za imfa yawo.

Foni inaonetsa kuti uthengawo auwerenga. Yankho silinabwere. M'nyumba amayi anali atayamba kale kuyeza adzukulu m'chiuno, akukalipira wamng'onoyo kuti aime bwino. Tsabola anakhalabe pakhondepo mpaka anamuitana kawiri kuti adzadye.