Mawu Amene Anaimba Kasanu

Dailesi anafika m'shopu Lolemba m'mawa n'kutsegula kompyuta asanavule n'komwe juzi. Shopuyo inali ya bambo Alufandika, pa Boma la Nkhotakota, ndipo ankagulitsa mapampu a sola othirira m'madimba. Chiyambireni kutsatsa malondawo pa intaneti, foni sinkapuma. Woyankha anali Hamza, mnzake wa pantchito. Mawu a foni iliyonse ankajambulidwa, ndipo pulogalamu yanzeru, imene onse ankangoitcha eyai, inkawamvetsera n'kulemba mndandanda: pamwamba ofunadi kugula, pansi ongotayitsa nthawi. Ntchito ya Dailesi inali kuimbiranso a pamwambawo.

Tsikuli, pansi penipeni pa mndandanda panali mzere wachikasu. Anaudina.

"Munthu uyu si wogula," eyai inalemba. "Mawu ake amveka kasanu kuchokera pa manambala atatu osiyana. Mtengo wa pampu sanafunsepo. Wafunsa dzina la mayi wolankhula m'kanema wotsatsa malonda, nthawi imene amaweruka, komanso ngati amayenda pansi kapena pa kabaza."

Mayi wa m'kanemayo anali Dailesi. Nkhope anakana kuionetsa. Munkaoneka manja ake okha akutsegula mpopi, koma mawu ofotokoza anali ake.

Anavala zomvetsera m'makutu, natsegula foni yoyamba. Munthuyo asanalankhule anayamba wakhosomola pang'ono, kawiri. Dailesi anakuzindikira kukhosomolako nthawi yomweyo. Anali Layson, mwamuna wake, amene anamuthawa ku Nkhunga chaka chatha atamuthyola dzanja ndi mpini wa khasu. Khoti linamuletsa kuyandikira Dailesi, ndipo kumene Dailesiyo anasamukira ankakudziwa ndi mayi ake okha.

Foni yomaliza inali ya Loweruka. "Ndiye Lolemba apezeka?" Layson anafunsa mwaulemu, ngati mkulu wa mpingo. Hamza anayankha mosangalala kuti inde, apezeka, angofika masana asanakwane.

Dailesi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Teni koloko inali itadutsa kale.

"Achemwali, mwatani?" anafunsa Hamza.

"Munthu uyu mwamuuza zotani?"

Hamza anasuzumira pa kompyuta, nawerenga, ndipo nkhope yake inagwa. "Anati ndi mlimi wa ku Dwangwa. Anati mawu anu anamufotokozera bwino, akufuna mumuthandize inuyo. Ine tsiku lililonse ndimayankha anthu ambirimbiri, sindinazindikire kuti ndi mmodzi yemweyo." Kenako anaonjezera kuti, "Ndinamuuzanso kuti mumadzera kuseri kwa msika."

Bambo Alufandika anatuluka mu ofesi yawo atamva mawu a Hamza. Dailesi anawafotokozera zonse mwachidule, zimene anali asanauzepo munthu aliyense pa Bomapo. Mkuluyo sanafunse zambiri.

"Pepala la kukhoti uli nalo?"

"Lili m'chikwama, bambo. Sindilisiya."

"Lowa kosungira katundu, utseke ndi mpiringidzo. Hamza, imbira apolisi, koma ukaimbire kuseri."

Chipindacho chinali chopanda windo, chonunkha mapaipi atsopano. Pakati pa icho ndi shopu panali matabwa okha. Dailesi anakhala pa katoni, nazimitsa foni yake kuopa ingalire. Anamva makasitomala awiri akulowa n'kutuluka. Kenako kunamveka belu la kabaza panja, mapazi pa simenti, ndi kukhosomola kuja.

"Odi, bwana. Ndine uja ndakhala ndikuimba."

"Takulandirani. Mukufuna pampu ya dimba lalikulu bwanji?"

"Pampu tikambirana. Ndimafuna mayi aja a m'kanema."

"Aja si a pano," anatero bambo Alufandika osathamanga. "Anabwera ndi anyamata ojambula ochokera ku Lilongwe, tsiku limodzi lokha."

"Koma mnyamata wanu pafoni anati apezeka."

"Ameneyo amangovomera zilizonse kuti kasitomala abwere."

Mapazi a Layson anayamba kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mashelefu, mpaka anaima pafupi ndi matabwa aja. Dailesi anamva fungo la fodya wake. M'pamene anakumbukira kuti juzi yake, imene anaivula atayamba kutuluka thukuta, anaisiya pa mpando. Inali yobiriwira, yomwe ankavala ku Nkhunga.

"Juzi iyi njandani?"

"Ya mdzukulu wanga."

Layson anaseka chapansipansi. Chitseko cha chipindacho chinagwedezeka kamodzi, mpiringidzo n'kulira.

"Bambo, uko n'kwa katundu," mawu a bambo Alufandika anakwera. "Ngati simukugula, tulukani."

"Daile," Layson anaitana motsitsa, pakamwa pali pa mng'alu wa thabwa. "Ndangobwera kuti tikambirane. Tsegula."

Chitseko chinagwedezekanso, mwamphamvu tsopano, ndipo msomali umodzi wa mpiringidzo unayamba kuzuka. Dailesi anamva mpando ukugwa, bambo Alufandika akukuwa, kenako mawu a Hamza ndi a anthu ena ambiri. Hamza, poona kuti apolisi akuchedwa, anali atathamangira pa siteji kukaitana akabaza. Akabaza asanu anamugwira Layson, namukhazika pansi pakhonde mpaka galimoto ya apolisi inafika.

Ngakhale atamva galimotoyo ikuchoka, Dailesi anakanika kutsegula. Zala zinakana. Amene anazula mpiringidzo anali Hamza, polowetsa chitsulo pa mng'alu. Wapolisi wamkazi amene anatsalira kuti alembe nkhaniyo anaonetsa Dailesi zimene anapeza m'chikwama cha Layson: chingwe cha nayiloni ndi mpeni wosendera nsomba, wokulunga m'nyuzipepala.

Mawu a mafoni asanu aja anakamveka m'khoti, ndipo Layson anamangidwa zaka zinayi. Kanema uja anamuchotsa pa intaneti tsiku lomwe Layson anagwidwa. Dailesi anakakhala kwa azakhali ake ku Salima milungu itatu, ndipo atabwerera anasamukira m'nyumba ina, pafupi ndi banja la bambo Alufandika. Ntchito anapitiriza, koma panapita miyezi asanayambenso kuimbira makasitomala yekha. Hamza ndiye ankaimba, iye n'kumalemba.