Foni Inamira Yankho Lisanapite

Chaka chimene masimukhadi anatsika mtengo, tauni yonse ya Pathein inadzuka ili ndi intaneti m'manja. Koma ochepa okha ndiwo ankadziwa kudzitsegulira akaunti. Munthu unkangopereka foni kwa mwini sitolo, iye n'kukusankhira dzina, chithunzi ndi mawu achinsinsi, iwe n'kumapita osafunsa kanthu.

Thuzar, mtsikana wojambula maluwa pa maambulera, anachitanso chimodzimodzi. Yake anamutsegulira ndi Ko Pyae, mnyamata wofatsa wa sitolo ya pafupi ndi doko. Mu akaunti imeneyo ndi mmene ankachezera ndi Nanda, yemwe ankagwira ntchito pafakitale ya nsomba ku Thailand.

Nanda anali atamufunsira. "Ukandilola, ndibwerera kwathu mvula ikatha," analemba motero. "Ukakhala chete mpaka chikondwerero cha nyali, ndikwera sitima ya asodzi, ndipo tsiku lotsika sindilidziwa."

Thuzar sanayankhe. Mtsikana wodzisunga salola msanga. Amayi ake anawadikiritsa bambo ake mpaka mvula inagwa n'kutha katatu. Iye ankangofuna kuti Nanda avutike pang'ono, adzamuyankhe pa tsiku lomaliza. Koma mawa lake kuli chikondwerero, ali m'boti, foni inamupulumuka n'kumira mumtsinje.

Anabwereka ya mkulu wake, koma inamufunsa mawu achinsinsi, amene iye sanawamvepo chibadwire. Nambala ya Nanda inali itamira limodzi ndi foni. Anathamangira kudoko, n'kupeza sitolo yotseka: Ko Pyae anali atapita kumudzi kukagwadira makolo ake monga mwa mwambo wa chikondwererocho. Nyali zinayaka m'makhonde monse, anthu akuseka, koma Thuzar ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Pantchito, maluwa ake ankatuluka okhota.

Tsiku limene sitolo inatsegulidwa, iye ndiye anali woyamba kulowa.

"Achimwene, mawu achinsinsi aja! Musandiuze kuti mwaiwala, ndingakuponyeni mumtsinje."

"Odi ndiye mwamusiya kunyumba, chemwali?" anatero Ko Pyae, koma sanaseke. Anatenga foni ya mkulu wake ija n'kulemba. Sanaganize, sanafufuze paliponse. Zala zake zinangoyenda ngati za munthu wotsegula chitseko cha kwawo.

Thuzar anaziona zalazo. Tauni yonse inadutsa m'manja mwa munthuyu. Zatheka bwanji kukumbukira ake okha?

Anatsegula mauthenga. Pansi pa funso la Nanda panali yankho, lotumizidwa pa tsiku lenileni la nyali: "Inde. Usakwere sitimayo." Pansi pakenso Nanda anali atalemba zambirimbiri, mawu akugundana ndi chimwemwe. Sanakwere.

Thuzar anatembenukira kwa Ko Pyae.

"Walemba izi ndani?"

Ko Pyae ankapukuta galasi lomwe linali loyera kale. "Mkulu wanu anandiimbira kuti foni yamira. Nthawi inali kutha."

"Bwanji simunangomuuza mawuwo?"

Ko Pyae anangopitiriza kupukuta.

"Ndiye mwakhala mukuwerenga! Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munalowa muno utoto wachikasu uli pachipumi," anatero chapansipansi. "Mkulu wanu ataimba, usiku wonse ndinali nditamulembera Nanda kuti ayi. Chala chinakana kutumiza."

Kunja boti linaliza hutala. Thuzar anayang'ana mnyamatayo, yemwe chaka chonse ankamupatsa moni osamuona bwinobwino, ndipo sanadziwe ngati amumenye mbama kapena amuthokoze. Mawu onse amene ankanong'oneza Nanda anali ndi mboni. Ndipo yankho limene analisunga mumtima nthawi yonseyi, wina anali atamulanda pakamwa.

"Ndionetseni posinthira mawuwo," anatero. "Mukatero mutembenuke, muyang'ane khoma."

Ko Pyae anamuonetsa, n'kutembenuka.

Thuzar anasankha mawu atsopano, milomo ili yotseka kuti asamveke. Kenako analembera Nanda: "Inde uja sanali wanga. Ndikufotokozera ukabwera. Wanga ndi uyu." Anakanikiza pojambulira mawu, ndipo ananena inde wake mokweza, mwakuti ngakhale amene ankayang'ana khoma anamva.

Anatuluka osatsanzika. Atafika padoko anacheuka kamodzi. Ko Pyae anali chiimire, nkhope idakali kukhoma.