Nyimbo Yolowera ya a Sequeira

Ku kalabu yathu ya ku Calcutta, m'dziko la India, munthu aliyense wolemekezeka anali ndi nyimbo yake. Akangotulukira pakhomo la holo, a Anselmo Sequeira, mtsogoleri wa bandi yathu, ankasiya nyimbo imene tikuimba n'kuyamba ya munthuyo pa piyano, ife n'kumatsatira. Woweruza milandu anali ndi yake, mkazi wa mwini fakitale ya masaka anali ndi yake, ngakhale nkhalamba ina imene inkabwera kudzangosinza pampando inali nayo. Anthuwo anazolowera moti kulowa popanda nyimbo ankakuona ngati kulowa osavala nsapato.

Ine ndine Diogo, ndinkaimba ng'oma kumbuyo kwawo. Tonse m'bandimo tinali ochokera ku Goa, ndipo tonse, pamodzi ndi a Mestre athuwo, monga tinkawatchulira a Sequeira kutanthauza mphunzitsi, tinkalowera kukhitchini, n'kumalumpha makoko a anyezi ndi mitu ya nsomba titavala majekete oyera. Lamulo linali lakuti wantchito wa kalabu salowera khomo lakumaso, sakhala patebulo, ndipo saponda pabwalo lovinirapo. Ine zinkandiwawa, ndipo sindinkabisa. A Mestre ankangoti, "Imba ng'oma zako, bwanawe. Kunyumba ana ako akudya."

Kenako Clarinda, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapeza banja. Mwamunayo anali dokotala, Pronob Biswas, mnyamata wabwino ndithu, koma bambo ake anali membala wa kalabu yomweyi. Anagwirizana zoti ukwati ukadalitsidwa kutchalitchi mmawa, madyerero akachitikire ku kalabu masana.

Tsiku lina tikukonzekera nyimbo, a Biswas aakulu anatipeza ali ndi a Lahiri, mlembi wa kalabu.

"A Sequeira, ukwati wa ana athuwa angaimbe ndani woposa inu?" anatero a Biswas, akumwetulira mpaka mano akumbuyo. "Mudzatiimbire nokha."

Mawu otsekemera, koma mbedza inali mkati. A Lahiri ndiwo anaionetsa. "Zikatero lamulo silisweka. Iwe udzakhala pamalo ako a masiku onse, chakudya adzakupatsira kuseri kwa katani."

"Nanga kuvina?" anafunsa a Mestre. "Kwathu mkwati akavina ndi mwamuna wake, amavina ndi bambo ake."

"Amalume ake alipo, eti? Adzavina ndi iwowo."

A Mestre anayang'ana zala zawo, n'kungoti, "Ndamva."

Ndinapsa mtima kwambiri. Tili m'basi popita kunyumba ndinalephera kupirira. "Mwavomeradi zimenezi, a Mestre? Mwana wolera nokha, mayi ake atatisiya ali kakhanda?"

Anandifunsa ngati ndinkaikumbuka nyimbo ija amayi awo ankaimba akamapala kokonati kumudzi, ya msodzi wobwerera kwawo. Ndinati ndikuikumbuka.

"Ukawaphunzitse anzakowo. Popanda piyano."

Tsiku la ukwati linafika kukutentha kwadzaoneni. Alendo anayamba kufika, a Mestre ali pa piyano, manja ali pamaondo. Woweruza milandu uja anaima pakhomo, chifuwa patsogolo, kudikira nyimbo yake. Zii. Anatsokomola, n'kukonza tayi. Zii. Kumbuyo kwake anthu anaunjikana ngati mbuzi pakhomo la khola, aliyense akudikira yake, mpaka analowa okha mwamanyazi, nsapato zikumveka pansi. A Lahiri ankagwedeza mpango chapatali, a Mestre osacheuka n'komwe. Ndisaname, ndinasangalala.

Akwati atalowa m'pamene anakweza manja. Anawaimbira gule wawo woyamba mokoma kuposa mmene ndinawamverapo, moti ophika anasiya miphika n'kumasuzumira pakatani. Nyimbo itatha anatseka piyano bwinobwino, anavula jekete loyera lija n'kulipinda pampando, n'kutulukira kukhitchini.

Ndinapatsa anzanga chizindikiro. Lipenga linayamba nyimbo ya msodzi ija, ena tonse n'kulowamo. M'holo monse munalibe membala amene ankaidziwa, ndipo mitu yonse inatembenukira kukhomo kuti aone mwini wake.

Anali a Anselmo Sequeira, atavala jekete lakuda lomwe anakwatira nalo, lothina pamimba. Anali atazungulira nyumba yonse pa dzuwa lija, thukuta lili kamukamu. Mlonda wapakhomo, amene zaka zonsezi ankatitumiza kuseri, anamva nyimbo, n'kuona munthu akubwera molunjika, ndipo dzanja lake linatsegula chitseko monga linazolowera.

A Lahiri anathamanga n'kuwatsekera njira. "Sequeira, wapenga? Bwerera kumene wachokera."

"Mukuimva nyimboyo, a Lahiri? Ndi yanga. Muno nyimbo ikalira, mwini wake amalowa. Mwambo umenewo ndinauyambitsa ndine."

"Ukaponda pabwalopo, piyano ija waikhudza komaliza."

"Ndaitseka kale."

A Biswas anafika akupukuta pakhosi. "Taganizani bwino, bambo, anthu akutiona."

"Ationedi. Akhala akundimva zaka zonsezi, lero andione."

Clarinda sanadikire kuti mkanganowo uthe. Ananyamula m'mphepete mwa diresi lake, anadutsa bwalo lonse yekha, n'kudzagwira bambo ake padzanja pamaso pa a Lahiri. Mwamuna wake anayamba kuwomba m'manja, yekhayekha poyamba, kenako abale athu a ku Goa amene anawaika patebulo lakumapeto, pafupi ndi khomo lakukhitchini.

Apa m'pamene tinadziwa chinthu chimene palibe anachiganizirapo. Munthu amene anavinitsa Calcutta yense sankadziwa kuvina. Mapazi ankapita kwawo, nyimbo kwake. Ndinachepetsa liwiro la ng'oma kuti ndiwathandize, koma sizinathandize. Ndinkaseka misozi ikutsika, podziwa kuti mawa lake tonse tikhala tikusaka ntchito, ndipo sindinkadandaula ngakhale pang'ono.

Atazungulira n'kufika pafupi ndi ife ndinamva Clarinda akunong'ona, "Ababa, mukundiponda."

"Pirira, mwanangu," anatero a Mestre, mutu uli m'mwamba. "Pabwalo lovinirali ndakhala ndikungopaona. Kupondapo ndayamba lero."