Maliro a Mayi Awo a Pulofesa

Christabel anatsika basi ku Spinney Hill, dera lina la mumzinda wa kudziko la eni komwe ankakhala, miyendo ikuchita kukana. Anali atagwira mashifiti awiri otsatizana kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston, ndipo chomwe ankafuna chinali bulangete basi. Koma anali atalonjeza kukasiyira Pulofesa Araceli mandasi, ndiye anangoti adutse.

Pulofesayu anali mayi wa ku Mexico, wophunzitsa payunivesite, wolemba mabuku okamba za anthu othawa kwawo. Mayi wosauma pakamwa ameneyo! Kulikonse komwe atsekera munthu chifukwa chosowa mapepala okhalira m'dzikomo, umawapeza pageti ndi chikwangwani, mvula ikuwathera pamutu. Chaka chomwe a Mthunzi, amuna ake a Christabel, anatsekeredwa n'kutsala pang'ono kukwezedwa ndege yowabweza kwawo, ndi mayi ameneyu amene analemba m'nyuzipepala ndi kusonkhanitsa ophunzira mpaka bamboyo anatulutsidwa. Koma masiku ano mphamvu zinali zitawathera. Imvi zinali mbuu, mawu atasasa, ndipo ambiri omwe ankawamenyera nkhondo ankatherabe pabwalo la ndege.

Chitseko chinali chosakhoma. Christabel anaodira, nalowa, n'kungoima chilili. Pakona pa balaza panali tebulo loyalidwa nsalu, pamwamba pake chithunzi cha gogo wina, makandulo akuyaka, maluwa achikasu mbwee, kapu ya khofi ndi buledi. Pulofesa anali atakhala pansi, maso ali psuu.

"Amayi anga," anatero Pulofesa, akuloza chithunzicho, misozi n'kuyambiranso.

Christabel sanafunse zambiri. Namfedwa umamufunsa chiyani? Mtima unamuwawa koopsa. Munthu woimirira pamvula chifukwa cha ana a eni, lero akulira yekhayekha ngati alibe anthu! Ayi, zimenezo ndiye sizichitika iye alipo.

"Kapumeni kuchipinda, zonse mutisiyire," anatero, nawaperekeza m'mwamba. Kenako analemba uthenga pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kuti Pulofesa wathu uja wataya mayi, ndipo ali yekha.

Dzuwa lisanapendeke, nyumba inadzaza. Mayi Ethel, wapampando wa gululo, anachokera kuchipatala atamanga chitenje pamwamba pa yunifomu. Lusubilo, mnzake wa Christabel, anasiya shifiti yake n'kukwera sitima kuchokera kutali ku Hyson Green. A Mthunzi ndi anzawo analimbana ndi sofa pakakhomo kopanikiza ka nyumbayo, thukuta lili kamukamu, mpaka anaitulutsira kuseri, pamvula, kuti amayi apeze pokhala. Onse anali otopa, ena akuyasamula, komabe anayala zitenje pakapeti n'kuyamba kuimba chapansipansi.

Nyimboyo ndi imene inatsitsa Pulofesa. Anaima pamasitepe, akuyang'ana amayi ali ndandanda pansi, malo a sofa ali mbee.

"Pepani mayi, pepani kwambiri," anatero Mayi Ethel. "Mwambo woika uliko liti?"

"Woika ndani?"

"Mayi anu."

Pulofesa anagwira pakamwa. "Amayi anamwalira kalekale, zaka zoposa khumi zapitazo. Kwathu, Novembala akangoyamba, timatulutsa zithunzi za omwe anatisiya, n'kuwaikira maluwa ndi zakudya zomwe ankakonda. Ndimachita chaka chilichonse."

Christabel analakalaka nthaka itang'ambika. Wadzutsa anthu otopa, watayitsa mnzake shifiti, wanyowetsa sofa ya eni, zonsezi chifukwa chosafunsa! Lusubilo anamuponyera diso loti tikaonana panja. Mayi Ethel anausa moyo, nagwira bondo kuti adzuke.

"Mutikhululukire, Pulofesa," anatero Christabel. "Kupupuluma kwanga. Sofa tibweza pompano."

Pulofesa anatsika masitepe otsalawo pang'onopang'ono, akuyang'ana zitenje zija.

"Kwanu mumatere munthu akafedwa? Mumangobwera n'kukhala pansi?"

"Eya," anatero Christabel.

"Ine nthawi ijayo ndinapita kukaika, ndinabwerako Lamlungu, Lolemba ndinali m'kalasi. Anzanga kuntchito anandipatsa khadi. Pakhomo pano sipanagogode munthu."

Mayi Ethel, omwe anali atadzuka kale theka, anabwerera pansi kuti khwithi.

"Aaa, ndiye kuti maliro amenewa sanaliridwe," anatero, akukonza duku. "Lusubilo, usandiyang'ane choncho, shifiti yapita kale. Yambitsa nyimbo."

Lusubilo anayambitsa, mawu olemera ndi tulo, ena n'kupolokezana naye. Pulofesa anavula nsapato, nadzipanikiza pakati pa Christabel ndi Mayi Ethel. Poyamba ankangopukuta m'maso mwaulemu. Kenako analira mokweza ngati mwana, akuitana amayi awo m'chinenero chakwawo, ndipo palibe anawatontholetsa.

Kunja mvula inkawazabe pasofa paja. Msana wa Christabel unkawawa, mwendo utachita dzanzi, koma sanasunthe, chifukwa mutu wa Pulofesa unali paphewa pake.