Mkono Utakwera

Phewa langa lamanja linauma m'chaka chachiwiri chosamalira apongozi anga. Sitiroko itawagwetsa, amuna anga anawatenga kudzakhala nafe, ine n'kusiya kaye ntchito yanga yoluka tsitsi ku saluni. Anati ndi za miyezi yochepa chabe. Kuwadzutsa pabedi, kuwakhazika pa chikuku, kuwasambitsa, zonse zinagwera ine, chikhalirecho mayiwo ndi athupi. Amuna anga ankangosuzumira pakhomo la chipinda atamanga kale tayi, n'kuti, "Mwadzuka bwanji amayi?" Basi, ulendo wa kuntchito.

Poyamba phewalo linkangolasa, kenako mkono unakana kukwera. Zipi wa kumsana ndinasiya kumufikira. Tsitsi langa lomwe, ine woluka anthu, ndinkangolibisa m'duku. Tsiku lomwe ndinatsetsereka nawo apongozi m'bafa ndi pomwe amuna anga anaitana mlongo wawo kuti adzathandize. Alamu anafika ndi chikwama, nkhope ili gwa.

"Phewa lokhalo?" anatero. "Enafe msana umawawa tsiku ndi tsiku, koma ntchito timagwira."

Kuchipatala ananditumiza kwa mayi wa mafizo. Atandigwiragwira anati, "Silinathyoke, lauma mkatimu. Limamasuka, koma ndi laulesi. Zolemera musiye. Muzilikoka mpaka pomwe layamba kudandaula, osapitirira."

Anandiphunzitsa kuwerama nditatsamira tebulo, mkono uli lende, n'kumauzunguza pang'onopang'ono. Anandiphunzitsanso kukwawitsa zala pakhoma. Njira ina inafuna anthu awiri: ndigone chagada, wina azindikwezera mkonowo mofatsa. Amuna anga anayesa kamodzi, maso ali pa mpira wa pa TV. Anaukoka ngati akutsegula geti, ine n'kukuwa.

"Ndiye ukufuna ndizitani?" anatero, n'kubwerera pa sofa.

Kuyambira pamenepo mnzanga anali mtengo wa tsache. Ndinkaugwira ndi manja onse, lamanzere n'kumakankha lamanja m'mwamba.

Alamu akandipeza pakhoma la m'kolido ankaseka. "Mwaigwira nsikidziyo?" Misozi ili m'maso, zala zinkakwera. Mvula inabwera n'kupita. Mayi wa mafizo anandipatsa lamba wa labala woti ndizimanga pa chogwirira cha chitseko n'kumakoka, chigongono chitamatirira m'nthiti. Kenako anandilola kunyamula kabotolo ka madzi. Miyendo anati isagone, ndizikhala ndi kudzuka pampando osagwira kanthu. Pochita zonsezi ndinkaona mpando wanga wa ku saluni, ndi mitu ya anthu ikundidikira. Mwini saluni anali atanena kuti malo anga sawapereka kwa wina.

M'mawa wina ndikuyanika zofunda za apongozi, ndinangozindikira kuti manja onse awiri ali pa chingwe. Ndinaima choncho, mikono ili m'mwamba, n'kumaseka ndekha. Sindinadziwe kuti amuna anga akutsuka m'kamwa pawindo.

Madzulo tikudya anati, "Ndakuona ukuyanika. Wachira eti? Achemwali anyamuka Loweruka, kwawonso kuli ana."

"Kuchipatala anati zolemera ndisayambe. Ndiponso ndimafuna ndibwerere kuntchito."

"Amayi anga ndi zolemera? Saluniyo ithawa?"

Alamu anandithirira madzi m'kapu, chinthu chomwe anali asanachitepo. "Mwalimbikira alamu, ndakunyadirani," anatero. Chikwama chawo chinali chitatsekedwa kale.

Mayi wa mafizo atamva anapukusa mutu. "Kukweza nsalu ndi kunyamula munthu ndi zosiyana. Abwere amuna anuwo ndiwafotokozere." Amuna anga anati kuntchito kwachuluka zochita. Pochokera kuchipatalako ndinadzera ku saluni. Pampando wanga panali mtsikana wina akuluka, zala zikuthamanga. Mwini saluni anandikumbatira, n'kundiuza kuti ndanenepa bwino, kenako anati, "Tinadikira, asisi. Makasitomala sadikira."

Loweruka alamu anapita. Mawa lake ndinalowa m'chipinda cha apongozi, n'kuwerama, kupinda mawondo monga mayi wa mafizo anandiphunzitsira. Dzanja lawo logwira ntchito ndi lamanzere, ndiye tikayang'anizana limagwera pa phewa langa lamanja. Anakanikiza pomwepo.

"Wabwerera, mwana wanga," anatero ndi lilime lawo lolemera. "Uja amandikoka ngati thumba. Iwe ndiye umatha."

Ndinawakhazika pa chikuku, n'kuwapukuta kukamwa. Iwo ndinalibe nawo mlandu, ndipo chimenecho chinandipweteka kwambiri, chifukwa mkwiyo unasowa pofikira.

Masiku ano ndimawanyamula nditapotoka, kuti kulemera kuzigwera kumanzere. Lamba wa labala uja ndimamukokabe akagona masana. Sabata yatha, ndikuvula bulauzi, phewa lamanzere linalasa malo omwe aja, kulasa komwe kuja. Amuna anga anali pabedi akuseka ndi foni. Ndinamaliza kuvula ndi dzanja limodzi.